Makina a manja opanira njerwa za SSB: ndi oyenera kugula kwa omanga mu Lilongwe?

Chiyambireni 2018 pamene malamulo a NCIC, bungwe loona za ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zamalonda, makina a manja opanira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti, zomwe amisiri amangoti SSB, ayamba kuoneka pa mapoloti ambiri. Odziwika ndi a Makiga ochokera ku Kenya, komanso alipo ena ongowotcherera konkuno. A Hydraform ndi ainjini, nkhani yake ndi ina. Apa tikukamba za a manja, otulutsa njerwa zolowana za masentimita 29 m'litali, 14 m'lifupi ndi 11.5 msinkhu wake.

Makinawo paokha ndi osavuta: chikombole chachitsulo, chotsekera pamwamba, pisitoni yokankha kuchokera pansi ndi mkono wautali wotsindikira. Anthu anayi ozolowera amatulutsa njerwa 400 kapena 500 patsiku. Makinawa safuna magetsi, dizilo kapena nkhuni za ku Dzalanyama. Pogula yang'anani makulidwe a chitsulo cha chikombole ndi mapini a mkono. Chitsulo chopyapyala chimafutukuka pakapita miyezi, njerwa n'kumatuluka zosiyana ndi mamilimita awiri kapena atatu. Pa njerwa zomanga ndi matope zimenezo sizioneka, koma pa zolowana khoma limayamba kupendama musanafike pawindo. Pakani girisi pa mapini tsiku lililonse, ndipo chikombole chipukutidwe ndi oyilo madzulo, dothi lisagonemo.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi dothi. Katondo wofiira amene ali m'madera ambiri a Lilongwe ndi wabwino, bola muchotse dothi lakuda lapamwamba lomwe lili ndi mizu ndi manyowa, chifukwa simenti sigwira pamenepo. Makande a m'madambo ndi a m'mbali mwa Lingadzi musayese n'komwe, njerwa zake zimang'aluka zikamauma. Kuyesa kwake n'kotchipa: thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka gawo limodzi mwa atatu, dzazani madzi, onjezani kamchere, khutchumulani kwambiri, lisiyeni tsiku lathunthu. Mchenga umakhala pansi, dongo pamwamba. Mchenga ukhale woposa theka. Dongo likachuluka onjezani mchenga wa kumtsinje, osati simenti.

Sefani dothi pa sefa ya mamilimita 6. Pa katondo wabwino, ndowa imodzi ya simenti ikwanira ndowa 16 mpaka 18 za dothi, ndipo thumba la makilogalamu 50 limatulutsa njerwa zapakati pa 100 ndi 120. Wina akakuuzani kuti amatulutsa 200 pathumba, njerwa zakezo mukande ndi msomali muone mmene zikuyoyokera. Sakanizani chouma kaye mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako wazani madzi pang'onopang'ono ndi keni yothirira mbewu. Fumbatani dothilo m'manja mulitaye kuchokera m'chiuno: likasweka zidutswa zinayi kapena zisanu ndiye lakwana, likamwazika ngati ufa ndi louma, likangoti phwa osasweka madzi achuluka. Musakande choposa chimene mungamalize pa ola limodzi, simenti siyembekezera munthu.

Njerwa izi siziumikidwa padzuwa ngati zidina. Zimafuna chinyezi. Zifunditseni pepala lakuda lapulasitiki, muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo muzimangire zitakwana masiku 28. M'mwezi wa October, njerwa yosiyidwa pamtetete imauma kunja simenti isanagwire, ngodya zake n'kumanyenyeka ndi chala. Apa m'pamene ntchito yambiri imaonongekera, makamaka kumene madzi ndi ogula pa kiosiki.

Pomanga, mzere woyamba uyalidwe pa matope a simenti ndi levulo m'manja, chifukwa mizere yapamwamba imangotsata umenewo. Pa sikweyamita imodzi mulowa njerwa 30 mpaka 35. Maziko akhale a miyala, konkire kapena mabuloko a simenti, akwere masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka, ndipo dampukosi, yotchinga chinyezi kuti chisakwere khoma, isaiwalike. Ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, yokhala ndi zitsulo zinayi isalephere kuikidwa, ndipo mawaya omangira denga azikidwe momwemo, mphepo ya mvula yoyamba isasasule malata. Denga lituluke masentimita 50 kapena kuposa kuti mvula isamamenye khoma. Mpanda wautali umafuna zipilala zolimbitsidwa ndi zitsulo mamita atatu alionse, apo ayi udzagwa monga imagwera mipanda ina mu January.

Phindu lenileni lili pa matope omangira omwe amachepa kwambiri, pa galimoto zotuta njerwa zomwe simulipira ngati dothi lili papoloti pomwepo, ndi pa pulasitala yemwe mkati mungathe kumusiya. Wa nyumba imodzi ya zipinda zitatu angachite bwino kubwereka makina pamodzi ndi munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito. Kugula kumayenera kontirakitala, mpingo kapena komiti ya sukulu yomwe ili ndi midadada ingapo yoti imange. Wa poloti ya kudambo, kumene madzi amaima m'dzinja, agule mabuloko a simenti basi.