Miyezi 11 ndi chitupa cha ku Itasca: madola 35 aja sanapite pachabe

Mu Meyi chaka chatha ndinamata pagalasi la galimoto chitupa cha chaka chonse cholowera m'mapaki a boma la Minnesota, ku America. Ndinalipira madola 35. Cha tsiku limodzi chinali madola 7, ndiye ndinawerengetsa kuti ndikangopita kasanu ndalama yanga yabwera. Lero ndikuwerenga maulendo 9, onse a ku Itasca State Park, chifukwa kuchoka kuno ku Bemidji ndi ulendo wosakwana ola.

Ulendo woyamba sunandigwire mtima. Aliyense amathamangira pamene mtsinje wa Mississippi umatulukira m'nyanja ya Itasca, kuvula nsapato, kudumpha pamiyala n'kujambulitsa pafupi ndi mtengo wolembedwa kuti madziwa ayenda mtunda wa mamailosi 2,552 kukafika ku Gulf of Mexico. Madzi ake amalekeza m'mawondo. Ine wokulira ku Nkhotakota, wozolowera nyanja ya mafunde a mwera, ndinangoti iyinso mukuti nyanja? Kenako ndinamva kuti miyalayo inachita kuyalidwa ndi anyamata a Civilian Conservation Corps, gulu limene boma la America linkalembamo achinyamata ntchito zosamalira chilengedwe, m'zaka za m'ma 1930, pokonza malo amene kale anali dambo lamatope.

Chimene chinandibwezeretsako ndi mbiri yake. Mabuku amati Henry Schoolcraft ndiye anapeza gwero la mtsinjewu mu 1832, koma amene anamulondolera njira ndi Ozawindib, wa mtundu wa Ojibwe, eni nthaka a kuno. Ndinaseka ndekha, pokumbukira zija tinkaloweza kusukulu kuti David Livingstone anatulukira nyanja yathu mu 1859, ngati kuti makolo athu ankawedza usipa pamtunda. Dzina loti Itasca nalonso anachita kulisoka Schoolcraft, podula mawu awiri a Chilatini, veritas (choonadi) ndi caput (mutu).

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1891 ndi khama la Jacob Brower, ndipo ndi yakale kuposa mapaki onse a boma la Minnesota. Komabe munthu amene ndimamuganizira ndikamayenda m'nkhalangomo ndi Mary Gibbs. Mu 1903 bambo ake, omwe ankayang'anira pakiyi, atamwalira, udindo unagwera iye ali ndi zaka 24. Odula matabwa anali atatseka mtsinje kuti madzi akwere, aziyandamitsa zipika zawo, ndipo madziwo anayamba kumiza mizu ya mitengo ya m'mphepete mwa nyanja. Mtsikanayu anapita padamupo, anamuopseza ndi mfuti, iye osasunthika, mpaka zitseko za damu zinatsegulidwa. Sanakhalitse pa udindowo. Koma mukaima ku Preachers Grove, pansi pa mitengo ya paini yofiira makungwa imene yakhalapo zaka pafupifupi 300, khosi n'kuwawa chifukwa choyang'ana kumwamba, mumamvetsa chimene ankalimbira mtima. Kwathu mtengo wotero ukanapita kale kumakala.

Za zosangalatsa, zimadalira mwezi. Juni ndi Julayi udzudzu ndi wosasimbika; malungo kulibe, koma umaluma mpaka kuboola malaya. Palinso nkhupakupa, choncho mukabwerako dzifufuzeni thupi lonse, ana makamaka. Miyezi yomweyi anthu amachuluka, ndipo malo ogona m'matenti ku Bear Paw ndi ku Pine Ridge muyenera kusungitsiratu pa intaneti kudakali nthawi. Tinabwereka bwato lopalasa kawiri, tinaponya mbedza, sitinaphe kanthu kupatula kansomba kamodzi koti kwathu tikanapatsa mphaka. Anzathu amatama nsomba yotchedwa walleye. Ndinaidya, ndi yabwino, koma chambo ndi chambo.

Nthawi yeniyeni yopitira ndi kumapeto kwa Sepitembala. Udzudzu watha, masamba asanduka achikasu ndi ofiira, ndipo msewu wa Wilderness Drive mumauyenda pang'onopang'ono popanda wokuimbirani huta kumbuyo. Tsiku limene tinapita nthawi imeneyi ndinakwera nsanja ya Aiton Heights, imene kale ankaonerapo moto wolusa. Ndi yaitali mafiti 100. Mayi a kunyumba anabwerera pakati, amvekere miyendo ikunjenjemera; ine ndinafika pamwamba koma chitsulo sindinachisiye.

Mu Januwale ndinapita kamodzi kokha, mochita kukokedwa ndi mnzanga wa kuntchito. Nyanja yonse inali gwaa, anthu akuwedza poboola madzi oundana. Chodabwitsa n'chakuti pagwero paja madzi anali kuyendabe, ndipo panalibe munthu wina aliyense, ife awiri basi ndi phokoso la madzi pamiyala. Zala zinachita dzanzi moti foni ndinalephera kuitulutsa m'thumba.

Chitupa chikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. Ndigulanso, ndipo ulendo uno ndikufuna kugona usiku umodzi ku Douglas Lodge, nyumba yogona alendo ya zipika ya mu 1905, imene miyezi yonseyi ndakhala ndikungoidutsa panja.