Njinga ya trials ya ongoyamba kumene: zipangizo zomwe n'zolimba ndi zomwe sizichedwa kutha

Njinga ya trials si yoyendera ulendo. Zambiri zilibe chishalo, giya yake ndi imodzi yopepuka kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kukwera miyala, masitepe ndi zipupa zazifupi wokwerayo osaponda pansi. Masewerawa anakulira ku Catalonia m'dziko la Spain, komwe Pere Pi, yemwe ankagwira ntchito kukampani ya njinga zamoto ya Montesa, anakonzera mwana wake Ot Pi njinga yophunzirira, kenaka n'kuyambitsa kampani ya Monty mu 1983. Kuno ku Blantyre njinga zotere n'zosowa, ndipo zochepa zomwe zilipo zimafika zitagwiritsidwa kale ntchito, popanda chikalata chotsimikizira kulimba kwake komanso popanda sitolo yokabwezako. Wogula amayenera kudziweruzira yekha chipangizo chilichonse.

Yomwe ndikuiunika pano ndi ya matayala a mainchesi 26 ndi felemu ya aluminiyamu, yomwe tinagulira mwana wa achimwene anga kwa munthu wina woitanitsa katundu kunja. Mnyamatayo waiphunzirira pamiyala ya m'munsi mwa phiri la Soche kuyambira nyengo ya fumbi mpaka mvula itagwa. Chomwe ndaona n'chakuti wongoyamba sayenera kulipirira kupepuka kwa njinga. Ndalama zake zipite ku mabuleki, fuliwilo (giya yomwe imakoka tcheni ukapalasa koma imamasuka ukasiya kupalasa) ndi tcheni, chifukwa zitatuzi zikalephera munthu amagwa chagada, ndipo zotsalazo zikhale zoti mmisiri wa ku Limbe kapena ku Ndirande atha kuzikonza.

Kusankha mainchesi 26 sitinalakwitse. Njinga zazing'ono zotchedwa za mainchesi 20 n'zosavuta kunyamula, koma limu yake yakumbuyo imakhala ya mainchesi 19 ndipo imafuna tayala lakelake lonenepa, monga la Maxxis Creepy Crawler, lomwe muyenera kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi. Tayala ndi chubu za mainchesi 26 zimapezeka mosavuta kwa ogulitsa zipangizo za njinga, ndipo ngakhale rabala wake sagwira mwala ngati wa tayala lenileni la trials, mwana saphonya masabata akudikira katundu.

Mabuleki ndiwo andigwira mtima koposa. Njingayi inabwera ndi Magura HS33 kumbuyo, buleki ya ku Germany yoyendera mafuta yomwe imapana limu m'mbali zonse ziwiri. Wophunzira amayenera kuimika njinga patayala lakumbuyo n'kumadumphadumpha, ndipo panthawi imeneyo thupi lake lonse limakhala litadalira chala chimodzi chomwe chagwira buleki. Ngakhale ndi yakale, penti itasupuka pachogwirira, buleki imeneyi imatseka tayala kotheratu ndipo sinadonthepo mafuta. Chenjezo lake n'lalikulu kwa ife kuno: Magura imafuna mafuta a mineral oil, osati buleki fuluwidi wa galimoto wa DOT. Mmisiri wozolowera magalimoto akathiramo fuluwidi wotere, timarabala totseka mafuta timafufuma ndipo buleki yonse imawonongeka. Popita nayo kokonzetsa, nenani zimenezi mmisiri asanagwire sipanala. Kwa amene njinga yake ilibe buleki yamafuta, buleki ya waya ya mtundu wa V-brake yokhala ndi waya watsopano ndi marabala abwino imakwanira kuphunzirira, ndipo ubwino wake ndi wakuti mmisiri aliyense wa njinga za kabaza amaidziwa.

Marabala omwe tinawapeza pabulekiyo anali ouma ndi osalala, ndipo titaika ena otchipa a pamsika anayamba kuterera mvula itangoyamba mu Novembala. Okwera trials amakanda m'mbali mwa limu ndi gilayinda kuti pakhale pokhakhala, ndipo zimenezi zimathandizadi rabala kugwira ngakhale panyowe. Komabe kukanda kulikonse kumadya chitsulo. Limu yathu inali itakandidwa kale kangapo, moti ukaipana ndi zala pafupi ndi valavu umamva kuti khoma lake lapyapyala. Wogula njinga yakale ayang'anitsitse pamenepa. Malimu obooledwa mabowo akuluakulu pofuna kuchepetsa kulemera amaoneka bwino, koma wongoyamba amatera mwamphamvu ndi mopendekeka, ndiye limu yotere sichedwa kupindika. Mpweya wa m'tayala nawonso umafuna kuusamala, chifukwa wochepa umathandiza kugwira mwala, koma ukachepetsetsa limu imatsina chubu pamphepete pa sitepe n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana.

Chomwe chinatikhumudwitsa ndi fuliwilo. Panjinga zambiri za trials za mainchesi 26 fuliwilo imakhala kutsogolo, yomangidwa pamkono wa pedulo, yamano 18, pamene kumbuyo kuli giya yamano 15 yomangidwa kuhabu osamasuka. Ubwino wa fuliwilo umayezedwa ndi kuchuluka kwa malo omwe timano tam'kati timagwira pakuzungulira kumodzi. Yogwira malo 72 imalola pedulo kuyenda madigiri 5 okha isanakoke tcheni, yogwira malo 108 imachepetsa mpatawo kufika pamadigiri atatu ndi pang'ono, pamene ya njinga wamba imasiya mpata waukulu womwe phazi limaumva bwinobwino. Yathu inalibe dzina lililonse. Poizunguza ndi dzanja inkalira mosalongosoka, kwina mokweza kwina mwakachetechete, ndipo pasanapite nthawi inayamba kuphonya: mnyamatayo akaponda mwamphamvu kuti akweze tayala lakutsogolo, panali kumveka kuti thwa! phazi n'kutsika lopanda kanthu, bondo n'kugunda handulo. Titaitsegula tinapeza girisi wokhuthala atasakanikirana ndi fumbi la mu Okutobala mpaka kukhala ngati phala la dzulo, timasipuling'i tikulephera kukankha timano, ndipo nsonga za timano tiwiri zinali zitabenthuka. Girisi ndi wabwino m'mabero a habu, koma m'fuliwilo mumafunika oyilo wopepuka. Tinaichotsa n'kuitanitsa ina yodziwika bwino, ndipo pa zonse zomwe tawonongera njingayi, ndalama imeneyi ndi yomwe sindikuidandaula ngakhale pang'ono. Makolo adziwenso kuti fuliwilo ikakhala kutsogolo tcheni chimayenda nthawi zonse tayala likamazungulira, ndiye thalauza lotakasuka ndi zala za ana aang'ono zitalikire.

Tcheni n'chotchipa poyerekeza ndi zina zonse, komabe ambiri amachinyalanyaza. Patrials chimakokedwa mwadzidzidzi ndi mphamvu yonse ya mwendo, ndipo chikaduka munthu ali pamwamba pa mwala palibe chomugwira. Chomwe chinabwera ndi njingayi chinali cha njinga yamagiya ambiri, chopyapyala ndi cholumikizidwa pawiri. Tinaikamo chokhuthala cha giya imodzi cha kampani ya KMC, ndipo chikugwira ntchito popanda vuto. Kuyeza kwake n'kosavuta: mfundo 12 zathunthu za tcheni chatsopano, powerenga yam'kati ndi yakunja ngati imodzi, zimatalika mainchesi 12 ndendende, ndipo zikapyola ndi gawo limodzi mwa magawo 16 a inchi, nthawi yosintha yakwana. Tcheni chomwe chinadukapo chisalumikizidwenso panjinga yotere, ngakhale mmisiri atakutsimikizirani chotani.

Za felemu ndili ndi maganizo awiri. Aluminiyamu wa mtundu wa 6061 kapena 7005, yemwe mafelemu ambiri a trials amapangidwira, ndi wopepuka ndipo sachita dzimbiri, zomwe n'zabwino m'nyengo ya mvula ndi ya chiperoni. Vuto lake ndi lakuti amatopa ndi kumenyedwa kosalekeza, n'kuyamba kung'aluka pafupi ndi mowotcherera. Musanapereke ndalama, pukutani felemu ndi kansanza konyowa, muitulutsire padzuwa, muyang'ane pomwe foloko imalowera, kuzungulira pomwe pali ekiselo ya mapedulo, ndi pomangira buleki yakumbuyo. Mng'alu umaoneka ngati katsitsi kakuda komwe sikachoka ukapukuta. Yathu ili ndi potiwizika pansi pa chitsulo chachikulu pomwe inagunda mwala, koma ilibe mng'alu, ndipo timaiyang'ana kawirikawiri. Amisiri owotcherera a ku Ndirande ndi akatswiri pachitsulo wamba, koma aluminiyamu amafuna makina ena, ndipo 6061 akawotcheredwa amafooka pamalopo pokhapokha felemu yonse itaikidwanso mung'anjo kuti ilimbe. Felemu ya aluminiyamu yong'aluka ndi yotha basi. N'chifukwa chake ndikanapeza ya chitsulo cha chromoly 4130 pamtengo wofanana, ndikanaisankhira wophunzira ngakhale imalemererapo.

Mikono ya mapedulo ndi ya mtundu wa ISIS, yolowa paekiselo ya mizere 10, ndipo sinagwedezekepo. Ya ekiselo ya makona anayi, yomwe ili panjinga zambiri kuno, imatha kugwira ntchito, koma bawuti ikangomasuka pang'ono bowo limadyeka ndipo silibwereranso. Chitsulo chotchinjiriza fuliwilo chakalikakalika ndi miyala, zomwe zikusonyeza kuti chikugwira ntchito yake. Mapedulo ake ndi a aluminiyamu okhala ndi timano takuthwa. Amagwira nsapato bwino, koma phazi likaterereka amang'amba msongolo, ndiye zotchinjiriza miyendo monga za osewera mpira pamodzi ndi chipewa cholimba ziwerengeredwe pamtengo wa njinga kuyambira tsiku loyamba.

Handulo tinaisintha ngakhale inkaoneka yabwino, chifukwa pomwe imapanidwa ndi sitemu, chitsulo choilumikiza ku foloko, panali timikwingwirima takuya tosonyeza kuti inamangidwapo mopyola muyeso, ndipo aluminiyamu wovulala chotere amathyoka osapereka chizindikiro. Tikaphatikiza zonse, njingayi ndingaipereke kwa wongoyamba aliyense pokhapokha fuliwilo, tcheni, marabala a buleki ndi handulo zitasinthidwa, ndipo wogula achotseretu mtengo wa zinayi pokambirana ndi wogulitsa. Limu yakumbuyo ndi yomwe tikuisungira ndalama panopa, ndipo yatsopanoyo idzakhala yamakoma awiri, yopanda mabowo, yamasipoko 32.