Miyezi 14 ndi Zotero: ntchito ya ma reference inangosamukira koyambirira

Mwezi woyamba nditaika Zotero pa kompyuta yanga, ndinkauza mnzanga aliyense wa m'kalasi kuti vuto la ma reference latha. Ndinali nditaona mndandanda wa mabuku ukudzilemba wokha kumapeto kwa chaputala, ndipo kwa munthu amene anazolowera kulemba pamanja dzina lililonse, chaka chilichonse ndi kadontho kalikonse, zinali ngati wina wanditula katundu pamutu. Pano padutsa miyezi 14. Thesis ndinapereka, pepala limodzi lochokera m'menemo ndinatumiza ku journal (magazini yosindikiza za kafukufuku), ndipo pulogalamuyi ndimaitsegulabe tsiku lililonse. Koma mawu a mwezi woyamba aja ndiyenera kuwabweza pang'ono, chifukwa ndinkalonjeza anthu zoposa zimene pulogalamu iliyonse ingachite.

Kwa amene simunaigwirepo, Zotero ndi pulogalamu yaulere yosungira mabuku, mapepala a kafukufuku ndi malipoti amene mukuwerenga, n'kukuthandizani kuwatchula m'zolemba zanu. Inayambira ku George Mason University mu 2006, ndipo pano imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu la Corporation for Digital Scholarship. Ili ndi mbali zitatu: pulogalamu yeniyeni ya pa kompyuta, kabatani ka pa browser kotchedwa Zotero Connector, ndi kachida kamene kamalowa mu Word, LibreOffice kapena Google Docs. Mukapeza pepala pa intaneti mumadina kabatani kaja, ndipo mayina a olemba, mutu, chaka, dzina la journal ndi masamba zimalowa mu laibulale yanu, nthawi zambiri pamodzi ndi PDF yake. Ngati muli ndi DOI (nambala yozindikiritsa pepala la kafukufuku) kapena ISBN (nambala ya buku) yokha, mumailemba m'kabokosi ndipo zina zonse zimabwera zokha.

Kufewa kumeneku ndi kumene kunandisocheretsa. Miyezi inayi yoyamba ndinkangodina. Chilichonse chooneka ngati chikukhudza mutu wanga chinkalowa, osachiyang'ana kachiwiri, mpaka laibulale inapitirira zinthu 500. Walira mvula walira matope. Tsiku limene ndinatumiza chaputala chachiwiri kwa a supavaiza anga, anandibwezera mndandanda wa mabuku uli ndi zolemba zofiira pafupifupi mzere uliwonse. Pansi pake analemba mawu ochepa: "Kodi mndandandawu munauwerenga?" Sindinauwerenge. Ndinkakhulupirira kuti poti walembedwa ndi kompyuta, ndiye kuti uli bwino.

Zolakwikazo sizinachokere m'mene pulogalamuyi imasanjira. Zinachokera m'zimene ndinaipatsa. Zotero imatenga zimene tsamba la pa intaneti laika, ndipo masamba ambiri amaika zosakwanira kapena zosokonekera. Mitu ina inabwera m'zilembo zazikulu zokhazokha. Chaputala cha m'buku lolembedwa ndi anthu ambiri chinalowa ngati buku lathunthu, popanda dzina la mkonzi ngakhale masamba. Malipoti a mabungwe, amene pa kafukufuku wanga anali ambiri, analowa ngati masamba wamba a pa intaneti opanda chaka. Chimene chinandipweteka kwambiri chinali dzina la World Health Organization, limene linatuluka ngati "Organization, W. H.", ngati kuti pali munthu amene dzina la bambo ake ndi Organization. Zimachitika chifukwa malo olembapo dzina ali ndi timabokosi tiwiri, ka dzina lomaliza ndi ka loyamba. Pali kabatani kakang'ono kosinthira kuti likhale bokosi limodzi, ndipo dzina la bungwe liyenera kulowa m'menemo. Ndinakadziwa kabatani kameneka patatha miyezi inayi.

Nkhani ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mitu ndiyofunika kuimvetsa msanga. Sitayilo ya APA, imene sukulu yathu inkafuna, imalemba mutu wa pepala ngati chiganizo wamba, chilembo chachikulu poyambirira, pambuyo pa madontho awiri (:) ndi pa mayina enieni. Masitayilo ena amafuna chilembo chachikulu pa mawu aakulu onse. Kompyuta ikhoza kusintha mutu wolembedwa ngati chiganizo n'kuukuza mawu ake mosavuta, koma kubwerera kwinako siingathe bwino, chifukwa siidziwa kuti mawu akuti Africa ndi dzina la malo pomwe ena ndi mawu wamba. N'chifukwa chake eni ake a Zotero amalangiza kusunga mitu yonse ngati chiganizo. Mukadina mutuwo ndi batani lakumanja pali posankha kuti usinthe, koma mukatero mumayenera kubwezeretsa nokha zilembo zazikulu pa mayina a mayiko, anthu ndi mabungwe. Amene mumalemba mayina a zomera kapena tizilombo a Chilatini, amenenso amafuna zilembo zopendekera, mumawatsekera ndi zizindikiro za <i> ndi </i> m'kati mwa mutuwo ndipo amatuluka bwino.

China chinandizunguza mutu kwa masiku atatu. M'kati mwa ndime, wolemba wina ankatuluka ndi zilembo zoyambirira za dzina lake, pamene ena onse ankatuluka ndi dzina lomaliza lokha. Ndinkafufuta zilembozo, zikabwereranso. Chifukwa chake chinali chakuti munthu mmodziyo anali mu laibulale yanga m'njira ziwiri, pepala lina ndi dzina lake lonse, lina ndi chilembo chimodzi. Pulogalamuyi inkaona ngati ndi anthu awiri a dzina lomaliza lofanana, ndipo inkatsata lamulo la APA lowasiyanitsa. Inkachita zoyenera ndithu. Nditalemba dzinalo mofanana m'mapepala onse, vutolo linatha pomwepo.

Kukonza laibulale yonse kunanditengera madzulo a milungu iwiri, ndipo sindifuna kudzabwerezanso. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene chalowa ndimachiyang'ana nthawi yomweyo, PDF ili chotsegula pambali: mtundu wake ndi wolondola, olemba akwanira, chaka chilipo, masamba alipo, DOI ilipo. Sizipitirira mphindi imodzi. Ndinaonanso kuti kudina kabatani ndili pa tsamba la journal yeniyeniyo, kapena kulowetsa DOI, kumabweretsa zinthu zaukhondo kuposa kutenga pa masamba ofufuzira amene amangosonkhanitsa mapepala a kwina.

Laibulale ikakhala yoyera, zimene ndinkatama mwezi woyamba zija zimakhaladi zoona. Umboni ndinauona potumiza pepala ku journal. Thesis inali mu APA, dzina ndi chaka m'kati mwa ndime, mndandanda motsatira alifabeti. Journal inkafuna Vancouver, pamene buku lililonse limapatsidwa nambala motsatira malo amene layamba kutchulidwa. Pamanja imeneyi ndi ntchito yowawa, chifukwa mukangosuntha ndime imodzi manambala onse apansi amasokonekera. Ine ndinasankha sitayilo ina pa mndandanda, ndipo pasanathe mphindi zonse zinali zitasintha. Owunika atapempha kuti ndime ziwiri zisinthane malo, manambala anadzikonza okha. Masitayilowa amalembedwa m'njira yotchedwa Citation Style Language, ndipo alipo masauzande ambiri, kotero journal yodziwika kawirikawiri mumaipeza pongolemba dzina lake. Zing'onozing'ono zimene kale zinkandidyera nthawi, monga 2019a ndi 2019b pa wolemba mmodzi amene anatulutsa mapepala awiri chaka chimodzi, kapena lamulo la APA 7 lolemba "et al." (kutanthauza "ndi ena") olemba akakhala atatu kapena kuposerapo, sindizikumbukiranso.

Komabe mukandifunsa lero chimene ndingachisowe kwambiri atandilanda pulogalamuyi, si mndandanda wodzilemba wokha uja. Ndi powerengera PDF. Mbali imeneyi inabwera ndi Zotero 6 mu 2022, ndipo Zotero 7 ya mu 2024 inawonjezera mabuku a pa kompyuta a mtundu wa EPUB. Mumawerenga pepala m'kati mwa pulogalamu momwemo, kupaka mtundu pa ziganizo zofunika, kulemba maganizo anu pambali, kenako n'kusonkhanitsa zonsezo m'kakalata kamodzi. Chiganizo chilichonse chimene mwatenga chimanyamula dzina la wolemba, chaka ndi tsamba, ndipo mukachidina chimakubwezerani pamalo penipeni pamene munachitenga.

Ubwino wake sindinauone msanga. Ndinauona mwezi wa 11, ndikukonzekera kuteteza thesis. Mu chaputala choyamba ndinali nditalemba kuti kafukufuku wina anapeza zakutizakuti, ndipo mmodzi mwa owunika anafunsa ngati olembawo ananenadi motero. Kale ndikanakhala tsiku lonse ndikufufuza m'mafoda. Apa ndinadina kamodzi, tsamba linatseguka, ndipo ndinapeza kuti wowunikayo ankanena zoona: olembawo analemba kuti zinthu ziwirizo zimayendera limodzi, ine ndinalemba kuti chimodzi chimayambitsa chinzake. Ndinakonza. Zimenezi kwa ine n'zofunika kuposa kadontho kalikonse ka mu mndandanda, chifukwa kutchula munthu n'kumuika mawu m'kamwa amene sananene ndi kumulakwira iyeyo pamodzi ndi owerenga anu. Ndinayambanso kugwiritsa mtundu umodzi wokha, wachikasu pa mawu enieni a wolemba, ndipo maganizo anga ndimalemba padera. Mukasakaniza ziwirizi, pakatha theka la chaka simudziwanso kuti chiganizo chili m'kope lanu ndi chanu kapena ndi cha mwini wake, ndipo anthu ambiri amene amagwidwa ndi mlandu wokopera amagwera pamenepa asakufuna.

Kamodzi pulogalamuyi inandichenjeza ndi chizindikiro chofiira pa pepala limene ndinali nditalitchula kawiri. Linali litachotsedwa ndi journal imene inalisindikiza. Zotero imayerekeza laibulale yanu ndi mndandanda wa mapepala ochotsedwa wa Retraction Watch kuyambira mu 2019, ndipo imazindikira mapepala amene ali ndi DOI kapena nambala ya PubMed, nkhokwe ya mapepala a zaumoyo. Ichi ndi chifukwa chinanso chosasiyira bokosi la DOI lopanda kanthu.

Za kusunga ndi kugwirizanitsa makompyuta ndinene mwachidule. Mayina, mitu ndi zolemba zanu zimasungidwa pa intaneti popanda malire, koma ma PDF ali ndi malo aulere okwana 300 MB, amene kwa ine anadzaza mwezi wachisanu. Mukhoza kugula malo owonjezera kapena kugwiritsa WebDAV, njira yosungira mafayilo anu kwina pa intaneti. Ine ndinasiya ma PDF pa kompyuta imodzi, ndipo foda yonse ya Zotero ndimaikopera pa hard drive yapadera mlungu uliwonse. Chimene simuyenera kuchita ndi kusamutsira foda imeneyi m'kati mwa mafoda amene amadzigwirizanitsa okha pa intaneti. Eni ake a Zotero amachenjeza momveka kuti zimenezi zimawononga fayilo imene imasunga laibulale yonse.

Kulemba ndi anthu ena ndi kumene kumafuna kugwirizana musanayambe. Ma citation a mu Word, ndiye kuti mawu otchula buku m'kati mwa ndime, si mawu wamba, ali ndi ulusi wosaoneka umene umawamangirira ku laibulale. Mnzanga amene tinkalemba naye pepala anatsegula fayilo yathu m'pulogalamu ina, n'kuisunga, ndipo ulusi wonse unaduka. Mawu ankaoneka bwinobwino, koma anali atauma, osasinthikanso. Tinapulumuka chifukwa ndinali ndi kope la dzulo lake. Kuchokera pamenepo tinatsegula laibulale ya gulu kuti tonse tizitenga pamalo amodzi, ndipo tinapangana kuti fayilo isamachoke mu Word. Potumiza kwa a supavaiza kapena ku journal ndimapanga kope lachiwiri n'kudula ulusiwo dala ndi batani la Unlink Citations, koma loyambalo ndimalisunga, chifukwa mukadula simungalumikizenso. Chimodzimodzi pepala likalowa kawiri mu laibulale: musafufute limodzi, aphatikizeni ndi batani la Merge, apo ayi ndime zimene zinamangiriridwa ku lofufutidwalo zimatsala pazokha. Ndipo musakonze citation polemba pamwamba pake mu Word. Konzani mu laibulale, kenako dinani Refresh.

Thesis itapitirira masamba 100, kuika citation imodzi kunayamba kutenga kanthawi, chifukwa pulogalamu imawerenganso chikalata chonse nthawi iliyonse. Mu Document Preferences muli pozimitsira kukonza kwa nthawi yomweyo, ndipo ndinkangodina Refresh pomaliza tsiku.

Anzanga ena amagwiritsa Mendeley, ya kampani ya Elsevier, ena EndNote, ya Clarivate, makamaka kumene sukulu imawapatsa. Sindikangana nawo. Mapulogalamu onsewa amamwa pa chitsime chimodzi, ndiye kuti zimene ofalitsa aika pa intaneti, ndipo onse amatulutsa zimene alandira. Ofuna kusamuka amatha kunyamula laibulale yawo mu fayilo ya RIS kapena BibTeX, mitundu ya mafayilo imene mapulogalamu onsewa amawerenga. Ine ndatsalira pa Zotero chifukwa laibulale yanga ili pa kompyuta yanga, imagwira ntchito ngakhale intaneti palibe, ndipo siidalira kuti ndikhalebe wophunzira pa sukulu inayake. 

Mlungu watha wophunzira wa chaka choyamba anandipempha kuti ndimuonetse kagwiritsidwe kake. Sindinayambe ndi batani lolemba mndandanda, ngakhale ndi limene iye ankafuna kuona. Tinalowetsa zinthu zitatu: pepala la mu journal, chaputala cha m'buku ndi lipoti la bungwe. Loyamba linalowa bwino. Chaputala chinabwera popanda mkonzi, lipoti linabwera popanda chaka, dzina la bungwe litagawika pawiri. Ndinamupatsa kompyuta kuti akonze yekha, PDF ili pambali, ndipo atamaliza m'pamene tinatsegula Word.