Kiliniki ya pa Kasungu boma inatithandiza pa nkhani ya jakisoni wachiwiri

Dzina la kiliniki sinditchula, ndi ya pulayiveti pompano pa boma. Mphwanga wa zaka 19 anabayitsa jakisoni woyamba wa katemera wa Covid wa Pfizer, patapita masiku atatu anayamba kudandaula pachifuwa, mtima ukugunda mothamanga, kungokwera kachitunda ndi njinga basi wefuwefu, munthu woti amasewera mpira dzuwa lonse. Amayi ankati ndi chibayo. Tinamukweza kabaza.

Choipa ndiyambe nacho: tinadikira kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nsima, mabenchi ochepa, ndipo bilu yake inatipweteka ndithu.

Koma adokotala aja, ayi ndithu, amadziwa ntchito. Anafunsa tsiku lomwe anabayitsa, mtundu wa katemera, anaona khadi, anamuyeza ECG (makina oona kagundidwe ka mtima) kenako anatilembera kalata yoti tikajambulitse mtima ku Lilongwe komanso akayezedwe magazi a troponin, omwe amaonetsa ngati mnofu wa mtima wavulala. Zotsatira zinaonetsa kutupa kwa mnofu wa mtima, myocarditis. Titabwerera anatikhazika pansi nkutifotokozera mu Chichewa chomveka kuti vutoli limachitika mwa apo ndi apo ndi akatemera a Pfizer ndi Moderna, makamaka kwa anyamata achichepere, kawirikawiri sabata isanathe chibayireni, ndipo limaoneka kwambiri pa jakisoni wachiwiri kuposa woyamba. Apa mpomwe ine mtima unali m'mwamba chifukwa deti la wachiwiri linali litalembedwa kale pa khadi.

Ndinafunsa kuti adokotala, ndiye tipite naye? Anati ayi, asabayitse. Amene watupa mtima atabayitsa amalangizidwa kuti ayambe waleka, ndipo zoganizira jakisoni wina zimabwera pokhapokha atachiriratu, dokotala ataona kuti chiopsezo cha Covid kwa iyeyo ndi chachikulu. Anazilemba bwinobwino m'buku la kuchipatala kuti aliyense wobaya aziona. Mpira anamuletsa kwa miyezi 3 mpaka 6, ichi ndiye chinamuwawa mnyamata kuposa chifuwacho.

Chomwe ndinawakondera, sanatiopseze kapena kunyoza katemera. Anati Covid yeniyeniyo imatupitsanso mtima, ndipo amayi athu, omwe ali ndi shuga ndi BP, anawauza kuti iwo akamalize wawo. Anakamalizadi.

Mphwanga pano ali bwino, anachira ndi mankhwala komanso kupuma. Mukapita kumeneko lawirani, ndipo khadi la katemera musaliiwale kunyumba.