Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi: modemu ndi sikirini

Izi ndi za makompyuta akale, a nthawi ya Windows 98. Pa kompyuta yokhala ndi Windows 98 komanso Linux, pulogalamu yoyambitsa kompyuta yotchedwa LILO imakufunsani poyatsa kuti mulowa mbali iti. Koma zimene mwakonza mbali imodzi sizidziwika mbali inayo.

Tiyambe ndi intaneti ya pa foni ya m'nyumba. Ku Windows mumatsegula Dial-Up Networking, kulemba nambala ya kampani yokupatsani intaneti, dzina ndi pasiwedi, basi. Ku Linux ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu yotchedwa pppd, ndipo pulogalamu ya wvdial kapena ya kppp ndi imene imaimba nambalayo. Doko lolumikizirapo modemu (kachipangizo kolumikiza kompyuta ku waya wa foni) limene Windows imalitcha COM1, ku Linux ndi /dev/ttyS0. Mukalumikizika koma masamba osatseguka, kawirikawiri vuto limakhala manambala a DNS (makompyuta amene amasandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi) mu fayilo ya /etc/resolv.conf.

Pamene ambiri ankagwa m'mavuto ndi pa modemu yeniyeniyo. Mamodemu otchipa a m'kati, otchedwa winmodem, ankasiya ntchito yambiri kwa dalaivala (pulogalamu yoyendetsa chipangizocho) wa Windows, choncho Linux nthawi zambiri sinkatha kuwagwiritsa ntchito. Ine ndinkati gulani modemu yakunja ya liwiro la 56k yolumikiza pa doko la serial, monga COM1. Inkadulako pang'ono, koma inkagwira mbali zonse ziwiri popanda kulimbana nayo usiku wonse.

Za sikirini, Windows inkapambana poyera: kutsegula Display Properties, kusankha kukula kwa chithunzi, 800x600 kapena 1024x768, kwatha. Ku Linux munkalemba manambala a HorizSync ndi VertRefresh, osonyeza liwiro limene monita imajambulira chithunzi, mu fayilo ya XF86Config. Manambalawa muwatenge m'buku la monita yanu, osangoyerekeza, chifukwa okwera kwambiri amatha kuwononga monita yakale ya CRT, yaikulu kumbuyo ngati TV yakale.