Tiger I wa 1/16 patapita miyezi akuyenda pa matcheni achitsulo: zomwe zapirira ndi zomwe zagonja

Kasinja amene tikukamba pano ndi chidole cha Tiger I chopangidwa ndi kampani ya Heng Long, nambala 3818, cha sikelo ya 1/16 (chochepetsedwa ka 16 poyerekeza ndi kasinja weniweni), choyendetsa ndi limoti ya 2.4GHz. Kutalika kwake pamodzi ndi mfuti ndi masentimita pafupifupi 53. Anabwera ali wa pulasitiki: matcheni, magudumu, magiya, zonse. Tinamuika matcheni a zinki pamodzi ndi masipuloketi (magudumu a mano akutsogolo omwe amakoka tcheni) ndi ma idler ake (magudumu akumbuyo omwe tcheni chimazungulirapo), magiyabokosi a sitilo, mota zamphamvupo za 390 m'malo mwa za 380 zomwe anabwera nazo, magudumu apansi achitsulo okhala ndi mabering'i, ndi batire yochaja ya lithium ya mtundu wa LiPo. Zipangizozi zinachokera kwa opanga osiyanasiyana. Pa sabata yoyamba chilichonse chimakoma, choncho tinadikira kuti ayambe wayenda mu fumbi la chilimwe, pa udzu ndi m'matope a dzinja.

Chimene miyezi yaonetsa n'chakuti vuto lililonse limachokera pa kulemera. Matcheni achitsulo okha amawonjezera kulemera kopitirira kilogalamu imodzi, ndipo kulemerako sikukhala malo amodzi. Kumakoka sipuloketi, sipuloketi imapotoza shafiti, shafiti imakankha giyabokosi, giyabokosi imang'amba timizati ta pulasitiki tomwe yamangidwapo, kumbuyo idler imapendekera mkati, ndipo batire imatha msanga. Amene wagula matcheni poyamba chifukwa ndi amene amaoneka bwino, wayambira kumchira.

Tiyambe ndi giyabokosi, popeza ndi pomwe ndalama yabweza phindu. Ogulitsa ambiri amangolemba kuti "magiya achitsulo", koma alipo a zinki ndi a sitilo. A zinki amaoneka otuwa ndipo mano ake amadyeka mpaka kukhala ngati mpeni akamakoka matcheni olemera. Kuyesa kwake n'kosavuta: maginito amamatira pa sitilo, pa zinki sagwira. Onetsetsaninso kutalika kwa shafiti. Tiger I amafuna yaifupi, ya mamilimita 48. Ya mamilimita 58 ndi ya akasinja monga King Tiger, ndipo mukaiika pa Tiger I sipuloketi imatuluka kunja, tcheni sichikhalanso pa mzere umodzi ndi magudumu.

Giyabokosi ya sitilo musaiike ikangofika. Ilumikizeni ku magetsi ochepa, mavoti 3 kapena 4, iyende yokha kwa mphindi 20 mbali imodzi ndi 20 mbali inayo, kenaka muitsuke, muiumitse, muthire girisi wa lithium pang'ono pa mano ndi kadontho ka oilo pa mabushi kapena mabering'i. Zimene zimatuluka potsukapo zimakuuzani chifukwa chake: timphumphu ta chitsulo tonyezimira tomwe tikanazungulira m'mano miyezi yonse. Ya kasinja uyu titaitsegula patapita nyengo, mano anali osalala, owala pomwe amakumana, opanda pothyoka. Girisi ndiye anali atasanduka phala lakuda lokhakhala pa chala, chifukwa fumbi limalowera pabowo la shafiti. Ndi phala limeneli lomwe limadya magiya, osati ntchito. Kuphimba giyabokosi ndi kachidutswa ka pulasitiki kopinda kumachepetsa vutoli kwambiri, komanso kumaletsa mawaya kukodwa m'mano. Yang'ananinso maginito a sipika ndi mabowo a mota: amasonkhanitsa tizitsulo tooneka ngati ubweya wakuda, tomwe timachoka ndi tepi yomata.

Pali chinthu chimodzi chomwe mumataya mukachotsa magiya a pulasitiki. Iwo ali ndi kagiya komwe kamatereza n'kumalira kuti tha-tha-tha tcheni chikakakamira. Ambiri amayesa kuti ndi chilema, pamene ndi chitetezo. Sitilo satereza. Kamwala kakalowa pakati pa sipuloketi ndi tcheni, mota imaima ikadali ndi magetsi, imakoka maampu ambiri, ndipo chimene chimapsa ndi mota kapena bodi ya zamagetsi yomwe imalamulira kasinja. Ikani fyuzi ya galimoto ya maampu 10 kapena 15 pa waya wofiira wochokera ku batire, ndipo mukaona mbali imodzi yaima, siyani kandodo ka limoti nthawi yomweyo. Musayese kumukakamiza kuti adzichotse yekha.

Phokoso nalo limakwera. Magiya a sitilo amalira mpaka kuphimba mawu a injini ochokera mu sipika. Limatsika akazolowerana, koma silitha.

Mota za 390 sizinatipatse chimene tinkafuna. Mphamvu zili nayo, koma liwiro lachuluka kuposa la kasinja weniweni. Tiger I weniweni wa kampani ya ku Germany ya Henschel, amene anapangidwa kuyambira 1942 mpaka 1944 ndipo ankalemera matani pafupifupi 57, pamsewu ankafika makilomita 45 pa ola, kenaka atachepetsa kazunguliridwe ka injini ya Maybach anatsikira pa 38. Mukagawa 38 ndi 16 mupeza makilomita 2.4 pa ola, kapena masentimita 66 pa sekondi. Kunja kwa msewu ankayenda pafupifupi theka la pamenepo. Kasinja wa 390 pa magiya wamba amapitirira apa, amanyamuka modzidzimutsa, ndipo kudzidzimutsako ndi komwe kumagwedeza masikuluwu ndi kuvula matcheni pokhota. Chothandiza ndi giyabokosi yochepetsa liwiro, imene amagulitsa ndi dzina loti 4:1, yokhala ndi mota za 380 zomwezo. Amayenda mwaulemu, amakwera chulu osapuma, ndipo mota sizitentha.

Tsopano matcheni. Kukongola kwake palibe angatsutse. Tiger I alibe timagudumu tapamwamba tonyamula tcheni, ndiye chimachoka pa sipuloketi ya kutsogolo n'kugwera pa magudumu apansi, ndipo chitsulo chokha ndi chomwe chimalendewera mwa njira imeneyo, pulasitiki imangoongoka. Utoto umachoka pomwe pamagunda pansi n'kusiya zinki wowala, monga zimakhalira pa kasinja amene wayendadi. Pa udzu ndi pa dothi lofewa zimagwira bwino. Pa matailosi ndi simenti yosalala zimatereza kuposa za pulasitiki ndipo zimakanda pansi.

Matcheni atsopano amatalika m'masabata oyamba. Chitsulo sichikutanuka, koma mabowo a mapini akukula pang'onopang'ono, ngati momwe tcheni cha njinga ya kabaza chimalekerera. Zikafika poti mano a sipuloketi akudumpha pobwerera m'mbuyo, chotsani mfundo imodzi. Pini ili ndi mbali imodzi yokhakhala yomwe imaluma zinki. Itulutseni pomenya kuchokera mbali yosalala pogwiritsa ntchito pini ina yotsala, ndipo pobwezera yambani kulowetsa mbali yosalalayo. Mukaimenya mosemphana, mbali yokhakhala idzadutsa m'mabowo onse n'kuwakulitsa, ndipo mfundo imeneyo siidzagwiranso pini. Ena amaopa kuti mbali imodzi ikakhala ndi mfundo zochepa kasinja azikokera kumbali. Sizili choncho, popeza liwiro limachokera pa mano a sipuloketi. Akamakokera kumbali ndiye kuti tcheni chimodzi chakungika kwambiri, kapena mota imodzi yafooka.

Mapini otuluka okha ndi vuto lomwe silitha. Pini ikatuluka ndi milimita imodzi kapena iwiri chakumkati, imakanda thupi la kasinja, kenaka imakodwa n'kupindika. Musanayendetse, yendetsani chala m'mphepete mwa tcheni mbali zonse ziwiri, yotuluka imamveka. Ibwezeni n'kudontheza kadontho ka guluu wa masikuluwu wabuluu kumapeto kwake kokha. Supagulu ayi, amalowerera mkati n'kuumitsa mfundo. Oilo pa matcheni nayenso ayi, amasonkhanitsa mchenga. Mukachoka m'matope, vulani matcheni, tsukani ndi madzi ndi burashi, yanikani padzuwa. Zinki sachita dzimbiri lofiira, amangotuwa, koma mapini ndi a sitilo, ndipo akagona onyowa mawa lake mupeza mfundo zina zauma gwa.

Gulani matcheni ndi masipuloketi kwa wopanga mmodzi. Kusiyana kochepa kwa mpata wa mano kumachititsa tcheni kukwera pamwamba pa sipuloketi pakapita mfundo zingapo, ndipo palibe kukunga komwe kungakonze zimenezo.

Malo awiri omwe matcheni amavulaza kasinja saoneka kunja, ndipo n'chifukwa chake ambiri amawazindikira mochedwa. Oyamba ndi pomwe shafiti imatulukira. Kuchokera mu giyabokosi kufika pa sipuloketi shafiti ilibe chochirikiza, ndiye tcheni chikamakoka imapendama, giyabokosi yonse n'kumagwedera. Masikuluwu ake amaluma m'timizati ta pulasitiki, ndipo patapita miyezi mupeza timing'alu toyera m'tsinde mwa timizatito. Mankhwala ake ndi tizochirikiza shafiti tokhala ndi bering'i ya mamilimita 8, tomwe timamangidwa pakhoma la thupi. Poika, masulani kaye masikuluwu a giyabokosi, lowetsani bering'i pa shafiti, onani kuti ikuzungulira momasuka, mangani chochirikizacho, kenaka mumalize ndi giyabokosi. Mukayamba ndi giyabokosi, shafiti imapanikizika ndipo mota ya mbali imeneyo imatentha. Timizati tong'aluka tizungulizeni ndi guluu wolimba wa epoxy, kapena ikani mbale ya aluminiyamu ya mamilimita 2 kapena 3 pansi, mumange giyabokosi ndi mabawuti ndi manati. Kachochirikiza shafiti aka n'kotchipa, koma ndi komwe kapulumutsa thupi la kasinja uyu.

Achiwiri ndi kumbuyo. Tcheni cholemera chimakokera idler kutsogolo ndi mkati, khoma la pulasitiki limapindika, ndipo mukamuyang'ana kasinja chakumbuyo muona magudumu awiriwo akuyang'anizana pang'ono. Pamenepo tcheni chimavuka nthawi iliyonse akazungulira pamalo amodzi pa udzu. Kachitsulo ka aluminiyamu kopinda ngati L, komangidwa mkati kuchokera khoma lina kufika lina, kamaongola zimenezi. Onjezani chokungira cha idler chosinthika, kuti mukunge ndi sikuluwu m'malo mochotsa mfundo. Kukunga koyenera: mukamunyamula, tcheni chilendewere pang'ono pansi pa magudumu apakati, koma mano ake otsogolera asatuluke pakati pa magudumu.

Sikuluwu yomanga sipuloketi pa shafiti imamasuka kawirikawiri. Ikalekerera, bowo la sipuloketi lokhala ngati D limadyeka n'kukhala lozungulira. Guluu wabuluu ndi washa ya sipuling'i zimathetsa nkhaniyi. Guluu ameneyu asakhudze pulasitiki ya ABS, amaing'alula.

Magudumu apansi achitsulo tikanawasiya. Magudumu a Tiger I ndi olowana, lina kuseri kwa linzake, ndipo pa kasinja weniweni, pa nkhondo ku Russia, matope ankalowa pakati pake n'kuundana usiku mpaka kasinja kulephera kunyamuka. Wa 1/16 watengera khalidwe lomwelo ndi timiyala ndi udzu wouma. Mabering'i ang'onoang'ono amadzaza fumbi, ena amasiya kuzungulira, matayala a labala amavuka pokhapokha mutawamata, ndipo kuti mufike pa gudumu la mkati muyenera kuchotsa awiri akunja. Kulemera kwawonjezeka, kayendedwe sikanasinthe. A pulasitiki opakidwa utoto bwino amagwira ntchito yomweyo. Masipuling'i nawo afooka kutsogolo, komwe kuli magiyabokosi, moti mphuno imagwa. Olimbirapo pa mikono yonyamula magudumu, iwiri yoyamba ndi womaliza, komanso kusunthira batire kumbuyo, zamuimitsanso bwino.

Batire yobwera naye ndi ya mavoti 7.4 ndi 1800mAh. Tiyerekeze kuti pa udzu akukoka maampu 4: siifika theka la ola. LiPo ya 2S (ya maselo awiri) ya 5000mAh yokhala m'chikamba cholimba imakwana mkati mwa thupi mukakonza malo, ndipo imamuyendetsa mpaka inu mutatopa. Ifunika chaja yolinganiza maselo, kachipangizo kolira kochenjeza kotchera pa mavoti 3.4 pa selo, ndi kusungidwa pa 3.8 ikakhala sikugwira ntchito masiku angapo. Itulutseni m'kasinja pochaja, ndipo musaisiye yokha. Ya 3S (ya maselo atatu) musaiyese pokhapokha bodi yanu yalembedwa kuti imalola mavoti amenewo. Mapulagi a XT60 ndi abwino kuposa oyera aja a mtundu wa Tamiya, omwe amatentha n'kulekerera maampu akachuluka.

Chotulutsa utsi chimapsa chikayaka chopanda mafuta, choncho chizimitseni utsi ukayamba kuchepa. Mfuti ya tizipolopolo ta mamilimita 6 imakakamira mukabwezeramo totola pansi, ndipo tetezani maso, popeza timapweteka. Slip ring yolola mutu wa kasinja kuzungulira madigiri 360 yagwira bwino, koma timawaya take n'toonda ndipo timaduka pomwe tawotchereredwa. Timateni ndi guluu wamoto pafupi ndi pamenepo kuti kukoka kusafike pa mtovu.

Amene akuyamba ndi Tiger I wa pulasitiki agule motere: giyabokosi ya sitilo ya mamilimita 48 ndi zochirikiza shafiti nthawi imodzi, fyuzi ndi batire, chomangira kumbuyo ndi chokungira idler, ndipo matcheni ndi masipuloketi ake pomaliza. Amene akudziwiratu kuti adzafuna zitsulo paliponse awerengere mtengo wa thupi la pansi lachitsulo, monga la kampani ya Taigen kapena Torro lokhala ndi ma torsion bar (timitengo tachitsulo topotoka togwira ntchito ya masipuling'i), asanawononge ndalama polimbitsa pulasitiki, chifukwa zambiri mwa zokonza zapamwambazi pa thupi lotero sizifunikanso.