African Storybook ndi yabwino pa mabuku a ana, koma muziwapulinta ndipo muziyamba mwawerenga nokha

Makolo anzanga komanso aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono amene mukusakasaka mabuku a Chichewa oti mwana aziwerenga akaweruka, ine ndikuti yesani African Storybook. Ndi webusaiti, africanstorybook.org, ali ndi app ya pa foni yomwe, ndipo zonse zili pamenepo ndi zaulele, simulipira olo tambala kupatula bandulo yanu ya intaneti basi. Ndimaigwiritsa ntchito ndi ana anga kunyumba komanso ndi ana a Sitandade 2 omwe ndimaphunzitsa, nde ndati ndifotokozeko mmene ilili chifukwa anthu ambiri ndikawauza amakhala ngati akumva koyamba.

Anaiyambitsa ndi a bungwe la zamaphunziro la Saide la ku Johannesburg mchaka cha 2014, poyamba ankayesera ku Kenya, Uganda, Lesotho ndi South Africa, koma pano ili ndi nkhani mu zilankhulo za muno mu Africa zoposa 200 ndipo Chichewa chilimo. Mabuku ake ndi aja a zithunzi, chithunzi chachikulu ndi mawu ochepa pa tsamba lililonse, masamba ake ochepanso oti mwana amaliza asanatope. Ali pa chilolezo chija amati Creative Commons, kutanthauza kuti mutha kudawuniloda, kupulinta, kupanga fotokope, kumasulira kapena kusintha nkhaniyo popanda wina kukuimbani mlandu wakuba, bola musafufute maina a amene analemba ndi amene anajambula, omwe amakhala pa tsamba lomaliza.

Chomwe ndimaikondera kwambiri ndi ichi. Kuyambira 2016 pomwe boma linayambitsa National Reading Programme, ana a Sitandade 1 mpaka 4 akuphunzira kuwerenga mwadongosolo, maliwu a malembo kaye, kenako maphatikizo, kenako mawu ndi ziganizo, ndipo ine njirayi ndimaivomereza, imagwira. Koma mwana akadziwa kuphatikiza ba be bi bo bu amafunika poyeserera, ndipo poyesererapo ndi pamene pakusowa. Buku la kusukulu ndi limodzi lomwelo chaka chonse, nthawi zina ana angapo buku limodzi, mwana amafika poliloweza moti ukamulozera chithunzi amangolakatula tsamba lonse maso ali kudenga, iwe nkumati akuwerenga, pomwe ukamulembera chiganizo chomwecho pa bolodi mosintha mawu amangoti kukamwa yasa. Mwana wotere safunika kumukalipira, amafunika timabuku tambirimbiri tosavuta toti sanationepo, kuti azikumana ndi maphatikizo omwe aja mu nkhani yachilendo. Nde mukalowa mu mashopu a mabuku mtauni, ambiri omwe ndalowamo ine mumadzadza mabuku a mayeso ndi a mapemphero, a ana akapezeka amakhala a Chingerezi, okwera mtengo, nkhani zake za ana akusewera mu snow zoti wanga wa kuno alibe nazo poyambira.

Mabuku a pa African Storybook anawagawa mmagawo 5 malingana ndi kuvuta kwake, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya. Level 1 ndi ya mawu oyambirira, liwu limodzi kapena kachiganizo kakafupi pa tsamba. Level 2 ndi ziganizo zoyamba, level 3 tindime tating'ono, level 4 ndime zotalikirapo, pomwe level 5 ndi nkhani zazitali zoti wamkulu aziwerengera ana mokweza. Chonde musasankhe potengera kalasi yomwe mwana ali, kapena potengera kuti mwana wa aneba akuwerenga zotani. Ndili ndi ana mkalasi omwe ndi a zaka 10 koma akuyenera level 1, ndipo palibe chamanyazi pamenepo, enanso a zaka 7 akuthamanga pa level 3. Mpatseni tsamba limodzi awerenge mokweza inu mukumvetsera, akamadodoma pa mawu ambiri mpaka kufika kumapeto ataiwala zomwe zinali koyambirira, tsikani level imodzi. Buku losavuta silipusitsa mwana, limampatsa mtima woti kani ndikutha, ndipo akalimaliza yekha amabwera kudzapempha lina osachita kumukakamiza. Za level 5 zo musazitaye poti mwana sangaziwerenge yekha, zimenezo ndi zanu madzulo mukatha kudya, inu muziwerenga iye azimvera ndi kuona zithunzi, mpamene amatola mawu atsopano.

Nkhani zake zambiri ndi zakwathu ndithu ngakhale zinalembedwa ku maiko ena, ana okatunga madzi, agogo ndi nthochi zawo, kupita ku msika, mvula, ng'ombe, nthano za kalulu ndi fisi zomwe tonse tinakulira. Pali ina yomwe ana anga safuna kuisiya, ya mbuzi, galu ndi ng'ombe zomwe zinakwera taxi. Ng'ombe inalipira ndalama yonse, galu anapereka yochuluka osalandira chenji, mbuzi inathawa osalipira, nde mpaka lero galu amathamangitsa galimoto kufuna chenji chake, mbuzi ikamva galimoto imaliyatsa liwiro, pomwe ng'ombe imangodutsa pa msewu mosatekeseka poti ilibe ngongole. Mwana aliyense amene anakwerako minibasi nkumva mayi ake akukumbutsa kondakitala za chenji amaimvetsa nkhaniyi nthawi yomweyo, ndipo ukafunsa mafunso manja amakwera kalasi yonse ngakhale aja amakhala duu kumbuyo. Kumvetsa nkhani komwe timavutika nako kuphunzitsa kuja kumayambira pamenepa, mwana akhale ndi choti anenepo.

Tsopano zoti musamale nazo. Posankha chilankhulo mupeza Chichewa komanso Cinyanja, ndipo zambiri za Cinyanja zo zinamasuliridwa ndi abale athu a ku Zambia. Chilankhulo ndi chimodzi, tikumvana bwinobwino, koma kalembedwe kamasiyana, iwo amalemba c pomwe ife timalemba ch, cakudya mmalo mwa chakudya, cinthu mmalo mwa chinthu, ndipo mawu ena ndi a kwawo. Kwa mwana wamkulu amene akuwerenga kale mosadodoma palibe vuto, ndibwinonso adziwe kuti ku Chipata amalemba chonchi. Koma wa Sitandade 1 kapena 2 yemwe wangophunzira kumene cha che chi cho chu zimamusokoneza, mawa akalemba ca mu kope aphunzitsi amuthetha. Nde kwa ang'onoang'ono sankhani za kalembedwe ka kuno, ndipo anzathu a ku Zambia nawonso asankhe za kwawo.

Chachiwiri, pa webusaitiyi aliyense amene watsegula akaunti atha kulemba kapena kumasulira buku nkuliika pamenepo. Ndi ubwino wake waukulu umenewo, nchifukwa chake zilankhulo zachuluka chonchi, koma zikutanthauzanso kuti inu ndi amene muli mlonda. Pali mabuku omwe eni webusaitiyi anawaunika nkuwaika chizindikiro choti ndi ovomerezeka, yambani ndi amenewo. Ena aja yambani mwawerenga nokha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza musanampatse mwana, ndi timabuku tatifupi sizikutengerani nthawi, muone ngati Chichewa chake chikumveka ngati cha munthu wolankhula osati chongotembenuza Chingerezi liwu ndi liwu, muonenso ngati nthanoyo si yoopsa kwambiri kwa msinkhu wa mwana wanu poti nthano zathu zina paja zimakhala ndi zodyana ndi zophana. Komanso a Chichewa ndi ochepa poyerekeza ndi a Chingerezi kapena Kiswahili, mwana wokonda kuwerenga sachedwa kuwamaliza a level yake.

Nkhani ya foni ndiiyankhule mosabisa. App yawo ya African Storybook Reader ndi yabwino, mumadawuniloda mabuku pomwe pali netiweki nkumawerenga kumudzi popanda intaneti, ndipo pa ulendo kapena pa mzere ku chipatala imathandiza zedi. Koma ine sindikhulupirira zomusiyira mwana foni ati aziwerenga. Ukangotembenuka walowa pa YouTube kapena magemu, kaya uthenga wa pa WhatsApp walowa nde mwalanda foni nkhani yathera panjira, magetsi akathima batire yatha, komanso foni ya mnyumba nthawi zambiri imakhala imodzi ndipo imapita ku ntchito ndi mwini wake mmawa. Mwana amafunika buku loti aligwire, alitembenuze, agone nalo pa mphasa, akaonetse anzake, akawerengere mng'ono wake. Nde pulintani. Buku lililonse lili ndi PDF yoti mupulinte, pitani nayo pa flash kapena pa foni pomwe amapanga fotokope, muwauze apulinte mbali zonse ziwiri za pepala, mupinde pakati mumenye sitepula, ngati sitepula siikufika pakati singano ndi ulusi zimagwira bwino kuposa. Ya makala imadula, ine ndimapulinta yakuda ndi yoyera, ana amapaka okha ndi chekeni ndipo akatero amalisamala ngati chuma chawo poti aikapo dzanja. Chikuto mumatire ku katoni ya sopo kapena ya bisiketi nkukutira ndi pulasitiki, apo ayi nyengo ya mvula silitha sabata. Makolo a pa mpanda umodzi kapena a mu gulu la banki mkhonde mutha kugawana, aliyense apulinte ake osiyana ndi a mnzake kenako ana azisinthana, mtengo umapepuka ndipo mabuku amachuluka.

Palinso app ina yawo, African Storybook Maker, yopangira buku lanulanu, mumaika zithunzi zojambula ndi foni kapena zomwe ana ajambula pa pepala nkulemba mawu. Iyi ndiye ndimalakalaka anthu ambiri akanaidziwa. Agogo athu ali ndi nthano zodzadza mmutu, zija za padangotelo ife nkumati tili tonse, zokhala ndi nyimbo pakati, ndipo ana a masiku ano ambiri sakuzimvanso poti madzulo aliyense ali pa sikirini. Khalani nawo pansi agogowo afotokoze, inu mulembe mwachidule, ana ajambule kalulu wawo wa makutu okhota, buku latheka. Mwana akaona dzina la mudzi wa kwawo ndi la agogo ake mu buku amawerenga mobwereza mpaka pepala kuda.

Ngati mwamaliza za pamenepo pali kwina kofanana nako. StoryWeaver ya a Pratham Books a ku India inayamba 2015, nayo ndi yaulele, zithunzi zake ndi zokongola kwambiri ndipo ili ndi timabuku tabwino ta sayansi ndi masamu, kungoti nkhani zambiri ndi za moyo wa ku India nde pena mumafunika kufotokozera. Book Dash ya ku South Africa ili ndi mabuku okoma a ana a ku mkaka, ena alibe ndi mawu omwe, zithunzi zokhazokha, nde mumafotokoza mu Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena, chilichonse chomwe mumalankhula pakhomo. Ndipo musaiwale National Library Service yathu, ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi nthambi zina kuli mbali ya ana, funsani mabuku a Werengani omwe amasindikiza okha, olembedwa ndi a Malawi.

Kwa amene muli ndi kangachepe kogulira buku lenileni kapena muli ndi m'bale kunja woti angatumize, a Chingerezi awiri okha ndi omwe ndingatchule poti nkhani zake ndi za konkuno. Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams mu 1990, la mnyamata wosakasaka mawaya kuti apange galimoto yake, ana a Sitandade 3 ndi 4 amadzionamo. Lina ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, lili ndi mtundu wa zithunzi womwe unatuluka 2012 komanso wina wa ana okulirapo wa 2015. Paja iyeyu nzeru yopangira makina a mphepo opanga magetsi anaitola mu buku la mu kalaibulale kakang'ono atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, nde kwa mwana wa Sitandade 6 kapena 7 yemwe akuona ngati kuwerenga ndi kwa mayeso okha limamutsegula maso.

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa makalasi athu mmene amadzadzira chiyambireni maphunziro aulele mu 1994, sungapulintire mwana aliyense. Chomwe ndimachita ine ndi kukhala ndi katoni imodzi ya timabukuti pakona, ana omwe amaliza ntchito msanga amatenga nkukhala awiriawiri, wodziwa ndi wovutikirapo, ndipo Lachisanu amabwereka kupita nato kunyumba nditalemba maina mu kope, Lolemba abweze. Tina timabwera titathimbirira ndi ndiwo, tina osabwera nkomwe, ine sindikwiya nazo poti PDF ndili nayo ndipulintanso. Pempho langa lili kwa inu amene Chichewa chanu ndi chakupsa. Kutsegula akaunti ndi ulele, kumasulira kabuku ka level 1 kapena 2 ndi ntchito yoti mutha madzulo amodzi, zithunzi zilipo kale inu mungosintha mawu tsamba ndi tsamba. Tsiku lomwe takumana ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a mu zoni, tikambirane ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale mu zoni, kuti sukulu iliyonse mu zoni itengeko timabuku tingapo, timasulire, tisinthane kuti wina aunike kalembedwe ka mnzake tisanatiike pa webusaiti, makamaka ta level 2 ndi 3 poti ndi tomwe ana a Sitandade 2 ndi 3 akutisowa kwambiri.